Kukasaka Bwalo la Timu Yoluza

Tinanyamuka ku Barking, dera la mu London, Lachitatu 10 koloko m'mawa, ine ndi a Dennis, mzungu wa zaka 78 amene ndinkawasamalira pakhomo pawo. Lolemba lotsatira ankasamukira kunyumba yosungirako okalamba, kutali ndi London, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha: akaone bwalo la ku Romford kumene bambo awo ankasewera baseball yolipidwa m'ma 1930. Masewerawo sindinkawadziwa. Anandifotokozera kuti wina amaponya mpira, wina n'kuumenya ndi chibonga n'kuliyatsa liwiro. Bambo awo anali woponya.

M'basi ine ndinalipira paundi imodzi, iwo anakwera ulere ndi khadi la okalamba. Tisanafike pa Becontree Heath, mayi wina wa ku Zambia anandimva ndikuyankha foni m'Chichewa.

"Ba sister, ndimwe ba ku Malawi? Muyenda kuti na ba client?"

"Ku Romford, mayi. Awatu musawaone chonchi, ndi mwana wa champion. Bambo awo anali star wa baseball."

Mayiyo anatembenuka n'kuwayamikira a Dennis m'Chingerezi, basi yonse ikumva.

"Katswiri?" anatero a Dennis. "Wakunamizani ndani? Timu yawo inaluza chaka chonse. Anapambana kamodzi, tsiku limene theka la timu inayo linakwera sitima yolakwika."

Manyazi anandigwira. Kwathu womwalira sanenedwa choncho. Ngakhale anali chidakwa, pamaliro timati anali wochezeka. Ndiye ndinayamba kuwakonzera mbiri malemuwo. Mwina woyimbira masewera ankakondera? Ayi. Mwina anzawo anali aulesi? Ayi ndithu.

"Vuto anali bambo," anatero a Dennis monyadira. "Ankaponya ngati akuthamangitsa mphaka pampanda. Chaka chitatha timu inathetsedwa, iwo anabwerera kudoko kukanyamula matumba."

Tinatsika pamsika wa Romford 11 koloko itadutsa. A Dennis anandigulira nsomba ya mkunga wozizira wa m'kapu, wothira viniga, akuti ndi zimene ankadya popita kumasewera. Ndinameza kachidutswa kamodzi chifukwa cha ulemu, misozi ili lengelenge. Wogulitsayo titamufunsa za bwalo la baseball anaseka. "Kuno? Agogo, mwatsika msanga, America ili kutsogolo."

Tinazungulira ola lathunthu. Misewu inali itasintha, a Dennis anayamba kutsamira kwambiri ndodo yawo, ndipo nthabwala zinawathera. Apa mtima unandiwawa, poti tsiku lina lobwerera kunalibe. Potsiriza gogo wina wogulitsa maluwa anati amayi ake ankanena za bwalo lakale kuseri kwa njanji.

Tinafika cha m'ma 1 koloko. Bwalo lake liti? Panali malo oimika magalimoto a sitolo yaikulu. Ndinayamba kale kupepesa, koma a Dennis sankandimva. Anayang'ana mlatho wa sitima, anayang'ana nsanja ya tchalitchi, kenako anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene amasonkhanitsa matolole onyamulira katundu wa m'sitolo.

"Apa. Ankaima apa."

Anapisa m'thumba la jasi n'kutulutsa mpira wachikopa, wakuda ndi ukalamba, ulusi utasomoka.

"Grace, kanjute uko. Uwakhe."

Mayi wamkulu ngati ine, wa digiri yanga, ndinanjuta pakati pa magalimoto manja ali tambasu. A Dennis anandipatsa ulemu wovula chipewa, anaika ndodo pansi, n'kuponya. Mpira sunandiyandikire n'komwe. Unakhotera kumanzere n'kukagunda chitseko cha galimoto ya eni ake, alamu n'kuyamba kulira.

Mlonda wa pasitolo anabwera akuthamanga. Anapeza nkhalamba ikuseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu.

"Ndendende bambo anga!" ankatero. "Loweruka lililonse anthu ankawakuwiza, iwo n'kundinyamula paphewa ulendo wa kunyumba, akuimba. Loweruka linalo ankabweranso."

Mlondayo anayang'ana chitseko, sanapeze chibowo, anatola mpira n'kuwabwezera ndi manja awiri.

Pobwerera a Dennis anagona basi isanatuluke mu Romford. Ine ndinkaganiza za bambo anga, amene anayesa chigayo, minibasi ndi nkhuku, zonse n'kugwa. Zaka khumi ndakhala ndikuuza anthu a ku London kuti anali munthu wabizinesi wamkulu. Titafika ndinaimbira foni mchemwali wanga ku Zomba kuti tikumbutsane mmene minibasi ija inkalirira ndi kukankha, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwaikireni m'manda, tinawaseka bambo athu.