Manja M'thumba

Linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Febuluwale, nthawi ili 3 koloko masana, pamene bambo a mwana wanga anagogoda pachitseko cha fulati yathu ku Croydon. Makiyi anali nawo, koma anagogoda ngati mlendo. Ndinatsegula mwana ali m'manja. Anawerama polowa monga mwa nthawi zonse, poti zitseko za kuno n'zazifupi kwa iwo. Ine maso anga anapita kuseri kwawo, kufunafuna masutikesi. Munthu wakhala kunja zaka zitatu, ntchito yatha, ndinkati khonde lidzaza ndi katundu. Anali ndi kachikwama kamodzi kokoloweka paphewa.

"Katundu wina ali kuti?" ndinafunsa.

"Abwera m'mbuyo," anatero.

Ndinawayandikizira mwana. Anamuyang'ana nthawi yaitali, akumwetulira, koma manja onse awiri anali m'matumba a jekete.

"Ee, wakulatu. Ndisambe kaye, m'basi munali anthu otsokomola."

Amuna angawo ankasewera basiketibolo ku Holland. Ndisanakwatiwe sindinkadziwa kuti munthu angamalipidwe chifukwa choponya mpira m'kansengwa kopanda pansi. Ndinkaona ngati ntchemberembaye imene tinkasewera kusukulu kwathu ku Mchinji, ndisanasiyire mu Sitandade 6. Iwo anabwera kuno ali ndi zaka khumi, kutsatira amayi awo amene ndi namwino. Tinadziwana atabwera kumudzi kudzamanga manda a agogo awo. Ukwati utachitika ndinabwera ku London, koma m'nyumba ndinkakhala ndi apongozi. Mwini wake ndinkamuona makamaka pa Khirisimasi ndi m'miyezi yotentha, mpira ukatsekera.

Ku Holland sindinafikeko. Pasipoti yanga imafuna chilolezo china, ndipo nthawi zonse ankati tidzakonza chaka chamawa. Masewero awo ndinkaonera pafoni, munthu akuulutsa m'chilankhulo chomveka ngati wina akuchotsa makhololo. Sindinkamva kanthu. Ndinkangosakasaka mutu wawo pakati pa azungu ataliatali aja, ndikaupeza ndinkasangalala.

Koma mbiri ya timu yawo ndinkaidziwa kuposa ya mtundu wanga, chifukwa akayimba foni nkhani inali yomweyo. Anati inayambitsidwa kalekale ndi anthu ogwira ntchito pafakitale ina m'katauni kakang'ono, amene ankabwereka holo ya sukulu akaweruka. Inakula mpaka inatenga chikho cha dziko lonse kamodzi kokha, iwo asanabadwe, ndipo chithunzi cha tsikulo chimakhala pakhomo la holo, aliyense wolowa amachigwira. Chinkandidabwitsa n'chakuti timuyo inalibe dzina lokhazikika. Kampani imene yaika ndalama, timu inkatenga dzina lake. Ya utoto itachoka inabwera ya matayala, kenako ya inshulansi. Pazaka zitatu zokha anandibweretsera majezi a mayina atatu kuti ndiwachape. Tsiku lina ndikusita ndinati, "Timu yanuyi ili ngati mkazi wokwatiwakwatiwa, mwamuna aliyense dzina lake." Anaseka kwambiri, n'kunena kuti nkhalamba za m'tauniyo zimaitchulabe dzina loyamba lija la kufakitale.

Mwana anabadwa mu Novembala. Kochi anawapatsa masiku awiri okha. Kuchipatala anamunyamula, mwana yense akukwana m'dzanja limodzi, ndipo anamwino ankabwera kudzaona. Madzulo oti mawa anyamuka, apongozi anatiitanira kukhitchini tonse awiri.

"Iwe, tamvera," anatero kwa mwana wawo. "Mwanayu sanatengedwe. Udzisungetu kumeneko."

Kwathu mwana akabadwa, bambo ndi mayi sagonera pamodzi mpaka tsiku lotenga mwana, akakhwimako. Bambo akayenda ndi mkazi wina nthawi imeneyi n'kudzamugwira mwanayo, akuti amamudwalitsa tsempho. Amatupa masaya ndi timiyendo, n'kumangofota. Ine ndinakula ndikumva zimenezi, ndipo nkhope yanga ndinaibisa m'chitenje chifukwa cha manyazi. Amuna anga anaseka mpaka kutsamira firiji.

"Mami, inu namwino wathunthu? Zakumudzi zimenezo?"

"Unamwino ndi wa kuntchito. Pano ndine agogo."

Tinagwirizana kuti mwambowo udzachitike mu Meyi, mpira ukatsekera. Ndinatenga jezi yawo yakale, ya kampani ya matayala ija, n'kuiyala m'kabedi ka mwana pansi pa kansalu kake. Sindinaichape dala. Ndinkafuna kuti mwana azidziwa fungo la bambo ake, asadzawalire akabwera.

Miyezi imene ija inali yamdima. Apongozi ankapita kushifiti, ine n'kutsala ndi mwana ndi hita. Chingelezi changa n'chokwana kugulira buledi, koma kusikelo anamwino akalankhula msanga ndinkangogwedeza mutu. Pawindo lathu pamaoneka nyumba yaitali ya boma kumene amaona za mapepala a alendo. M'mawa uliwonse anthu amaima pamzere panja pake, atakumbatira mafaelo m'mphepo. Mapepala anga olola kukhala kuno amadalira ukwati wathu. Ndinkapewa kuyang'ana mbali imeneyo.

Pakati pa Febuluwale amuna anga anayimba foni. Kampani ya inshulansi inali itachoka, ina sinapezeke, ndipo akuluakulu a timu anauza osewera kuti aliyense adzionere njira. Ndinawapepesa. Foni itadulidwa ndinamuvinitsa mwana pabalaza ponse, ndikumuuza kuti ababa akubwera, ababa akubwera, sadzapitanso. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Loweruka lija atasamba anabwera pabalaza, n'kukhala pampando wa pakona, kutali ndi pamene ndinakhala ndi mwana. Ndinawapatsa tiyi ndi zitumbuwa zimene ndinakazinga m'mawa. Analandira kapu ndi manja awiri, ndipo sanaitule. Anayamba kufotokoza za tsiku lotseka holo. Akuti anthu anadzaza ngakhale panalibe masewero. Nkhalamba zina zinabwera zitavala majezi a makedzana, mimba zikutulukira pansi. Wina anachotsa chithunzi cha chikho chija n'kupita nacho kwawo kuti angongole asachitenge.

"Timu imeneyi yafapo kawiri, ukudziwa? Kawiri konse anthu a m'tauni anaidzutsa."

Mwana anayamba kudzipinda, akuwayang'ana. Ndinadzuka n'kusendera pafupi.

"Tamugwirani, ndikaone mpunga pamoto."

"Ingomugoneka pasofapo, ndimuyang'anira."

Ndinamugoneka. Ndili kukhitchini ndinamva mwana akulira. Nditasuzumira ndinawaona atagwada pambali pa sofa, akumuimbira mluzu, manja atawapinda kumbuyo ngati mwana wa sukulu pamaso pa ahedi. Mpunga unapserera ndili chiimire pomwepo.

Apongozi anafika cha m'ma 6, akadali m'yunifolomu. Anamukumbatira mwana wawo, mutu wawo ukulekezera pachifuwa chake.

"Wawondatu iwe. Azungu akowo amadya chiyani, tchizi chokhachokha? Katundu ali kuti?"

"Abwera, Mami."

Apongozi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Anakasamba m'manja, anamunyamula mdzukulu wawo, n'kupita naye molunjika pamene panali amuna anga.

"Landira mwana wako."

"Ndatopa, Mami. Mawa."

"Watopa? Mpira umaunyamula tsiku lonse, kamwana aka kakulemere? Landira."

Anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Anayankha m'Chingelezi, monga amachitira akapanikizika, kuti chonde awasiye. Apongozi sanasinthe chilankhulo.

"Suja unkati n'zakumudzi? Unaseka mpaka kutsamira firiji yanga. Ngati n'zakumudzi, gwira."

Panja tiramu, kasitima koyenda mumsewu, inadutsa ikuliza belu lake.

"Sindikhulupirira zimenezo," anatero amuna anga potsiriza, mawu ali pansi. "Koma akadzangodwala, ngakhale chimfine, mudzati ndine. Inenso ndidzati ndine."

Apongozi anandibwezera mwana mosandiyang'ana, n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Anavula nsapato imodzi, inayo anaiwala.

"Ndani?"

Anati ndi mayi wina wa konko, amene ankagulitsa matikiti pakhomo la holo mongodzipereka. Agogo ake aamuna anali m'gulu la anthu oyambitsa timu aja. Tsopano iye ndi anzake akufuna kuidzutsa kachitatu, iyambire pansi penipeni ndi dzina lakale, ndipo apempha amuna anga kuti aziphunzitsa ana. Malipiro palibe, koma wina wawalonjeza ntchito m'nyumba yosungira katundu. Ankafotokoza zimenezi maso akuwala, mpaka anakumbukira pamene ali n'kusiya.

"Ndiye katundu ali kwa iyeyo," anatero apongozi.

Kenako anapitiriza.

"Tamvera. Zinthu izi zili ndi njira yake. Waulula, ndi poyambira pomwepo. Ku Woolwich kuli mayi wina wa kwathu amene amadziwa kakonzedwe kake, ndimuyimbira lero lomwe. Ukatero mwana umugwira, mu Meyi mumutenga monga tinapangana. Ntchito kuno ziliko, ndi msinkhu wakowo ukhoza kulondera sitolo iliyonse. Koma uyo wa matikitiyo umusiye. Wamva?"

Ndinadikira. Sindinafune kuti andipepese, kapena kuti alumbire. Akanangoti "ndamva", ine ndikanakataya mpunga wopserera uja, n'kuphika wina. Ankayang'ana manja awo.

"Basi yanga ndi ya mawa m'mawa," anatero. "Ana akuyamba Lolemba."

Apongozi anawatukwana mawu amene sindingalembe pano. Anawakumbutsa kuti anakanditenga okha kwa makolo anga, anthu akuona. Anawafunsa ngati akudziwa chimene chidzandichitikire kunyumba yaitali ija mapepala anga akadzatha. Amuna anga anati sakundisiya, ukwati ulipobe, mapepala adzasaina, ndipo azibwera. Ankalankhula za ine ngati ndili kuchipinda china. Ine ndinali ndi funso limodzi lokha.

"Kodi iyeyo amadziwa kuti kuno kuli mwana?"

Anandiyang'ana koyamba chilowereni m'nyumba.

"Amadziwa. Anandipatsa ichi."

Anatulutsa m'chikwama kajezi kakang'ono ka khanda, ka mtundu wa timu yawo, kolembedwa dzina lakale lija. Anakaika patebulo. Palibe anakagwira. Apongozi analowa kuchipinda kwawo nsapato imodzi ili kuphazi. Chakudya cha madzulo sitinadye. Amuna anga anagona pasofa, miyendo ikulendewera kumapeto, ine ndi mwana kuchipinda.

M'mawa mwake ndinadzuka kusanayere bwino. Ndinamudzutsa mwana, n'kuchotsa jezi ya kampani ya matayala m'kabedi kake. Fungo la bambo ake linali litatha kalekale, inkangonunkha mkaka. Ndinaichapa m'sinki, ndinaiumitsa ndi simbi, ndinaipinda bwinobwino, n'kuiika m'chikwama mwawo pamodzi ndi kajezi ka patebulo kaja. Ndinawaphikira tiyi, anamwa ataimirira.

Ndinabereka mwana n'kuwaperekeza mpaka pokwerera tiramu, poti kwathu mlendo sachoka yekha. Tiramu ikubwera, anatulutsa dzanja m'thumba. Kaphazi ka mwana kanali katatulukira pansi pa chitenje, sokosi itavuka theka. Anatambasula chala chimodzi kuti akakhudze. Ndinatembenuka, n'kubwerera m'mbuyo.

Anakwera. Sindinadikire kuti inyamuke. Ndinakonza sokosi ya mwana, ndinamangitsa chitenje, n'kubwerera kunyumba kukakwecha poto wa mpunga uja.