M'thumba la jekete la amalume ake

Nkhaniyi ndinaimvera pampopi wa m'komboni mwathu, ku esiteti ya tiyi kumene ndathyola masamba mpaka zala kuuma. Mayi wina woyandikana naye nyumba, wa pakamwa posatseka, anadikira kaye kuti anthu achuluke.

"Inu anzathu, mwana wanu uja wakulatu! Dzulo amuthamangitsa pagolosale, ati amafuna makondomu. Eni golosale amuuza kuti wosakwana zaka eyitini akagula zimenezo n'kupolisi basi."

Onse anafa nacho chiseko. Ine ndinasenza ndowa yosadzaza, n'kuchokapo msangamsanga. Iwo ankayesa manyazi. Manyazi a chiyani? Anali mantha. Mnyamata wanga anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinali nditaona kale mmene ankasekererana ndi mtsikana wogulitsa nanazi kumsewu. Kumuthamangitsa pagolosale sikunali kumuchotsa kwa mtsikanayo. Apita chimanjamanja, ndinadziuza choncho, apita chimanjamanja ngati mchimwene wanga.

Mchimwene wangayo ndinamudwazika ndine. Matenda a Edzi anamudya mpaka ndinkamunyamula ndekha kukamuika padzuwa. Tsono kwathu kuno mwana wamwamuna amalangizidwa ndi amalume ake. Mayi satsegula pakamwa pa zoterezi, n'kulaula. Bambo ake anapita ku Joni n'kutchona. Amalume kumanda, bambo kulibe, nanga akanayankhula naye ndani?

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Nkando, dala, kuti ndikagule makondomuwo kumene sandidziwa. Njira yonse ndinali ndi funso limodzi. Ngati mwana amamangidwa chifukwa chogula, nanga womugulira amamutani? Wapolisi atasuzumira pawindo panjira, ndinafumbatira chikwama ngati muli chamba, chonsecho munali mpango ndi foni basi.

Ndinazungulira kaye msika, n'kugula tomato amene sindinkamufuna. Kenako ndinalowa m'kasitolo ka mankhwala. Wogulitsa anali mtsikana woti ndikanatha kumubereka ine.

"Tikuthandizeni chiyani, mayi?"

"Mankhwala a mutu," ndinatero. Atandipatsa sindinasunthe.

"Palinso china?"

"Zija... za abambo zija."

"Makondomu?" Anatchula mokweza ngati akutchula sopo. Ha, ana amakono! Ine maso kukhomo. Atandikulungira m'kapepala ndinalimba mtima.

"Achemwali, tandiuzani zoona. Munthu akagulira wachinyamata wosakwana zaka eyitini, amamangidwa?"

"Kumangidwa ndi ndani? Palibe lamulo loletsa wachinyamata kugula kondomu, mayi. Akhoza kubwera yekha. Kuchipatala amapereka ulere. Amene anakuuzaniwo anangopeka."

Ndinatuluka mtima ukuwira. Bambo wa golosale uja, amene amagulitsa fodya kwa ana osafunsa zaka, lamulo lakelo anakalitola kuti? Ndikanakumana naye tsiku limenelo bwenzi tikukamba zina. Koma mkwiyo unathera m'minibasi, mantha n'kubwerera pamalo pake, pakuti kugula kunali kophweka. Chovuta chinali kupereka.

Paketi inagona m'chikwama masiku angapo. Kumupatsa m'manja? Ndikanayang'ana kuti? Kutuma mnzake, komboni yonse ikanadziwa dzuwa lisanalowe. Ndipo madzulo alionse mwanayo akanena kuti "ndikupita kumsewu", ndinkayang'ana chikwama chija koma osachitsegula.

Mchimwene wanga anasiya jekete lakuda, ndipo pogawa zovala za malemu linaperekedwa kwa mwana wangayo. Ankalivala akafuna kutchena, kaya kutenthe bwanji. Lamulungu masana, iye ali kubafa, ndinalowetsa paketi ija m'thumba lamkati. Ndinakhala pakhonde n'kumasenda nandolo. Ndinkaopa kuti akwiya. Ndinkaopa kuti aitaya kuchimbudzi chifukwa cha manyazi. Ndinkaopanso kuti ayesa ndamuloleza kuchita zachibwana.

Anatuluka atavala, akuimba mluzu. Atafika pamasitepe anapisa dzanja m'thumba. Mluzu unaduka. Anaima chondifulatira nthawi yaitali, ine maso ali m'lichero.

"Amayi."

"Ee."

"Amalume akanakhala nazo zimenezi, bwenzi alipo?"

Sanatembenuke, ndipo ndinathokoza kuti sanatembenuke, chifukwa misozi inali itayamba kale kudonthera pa nandolo.

"Bwenzi alipo," ndinatero. "Ndipo bwenzi akukuuza okha, osati ine. Akanakuuzanso kuti usathamange, nthawi ilipo."

Anagwedeza mutu movomereza. Anakankhira paketi ija pansi m'thumba, n'kumanga batani la jekete, limene sankalimanga n'kale lonse. Ndinamuyang'ana akutsika kanjira ka pakati pa tiyi, mapewa ake ndendende a mchimwene wanga. Ameneyo ndinamuperekeza kale kumanda. Uyu ndinakhala pakhonde pomwepo kumudikira.