Tsiku Limene Mayi Nangozo Sanalire

Ku Biriwiri maliro sankakoma popanda mayi Nangozo, mlimi wa kachewere. Ankayamba kulira akadali kumsewu, dzina la womwalirayo asanalifunse n'komwe. Akafika pasiwa ankadzigwetsa pansi, ndipo pankafunika amayi amphamvu ndithu kuti awagwire. Koma chakudya chikangofika, ankachira msangamsanga.

Tsiku limene wailesi inalengeza kuti namondwe wa Freddy wakwirira anthu m'matope ku Blantyre ndi ku Mulanje, mayi Nangozo ankagulitsa kachewere pakhonde la golosale ya Sumani. Sumaniyo anakweza wailesi, n'kuuza ogulitsa ena kuti asunthe mabeseni awo, poti lero mayiwa agubuduzika mpaka ku Mozambique.

Koma iwo anangokhala pachidebe chawo, dzanja lili pakamwa.

"Mayi, mwadwala kodi?" anafunsa Sumani. "Dziko lonse likulira, inu akatswiri muli duu?"

"Mwanawe, ine ndimadzigwetsa podziwa kuti pali ondigwira," anayankha motsitsa mawu. "Nanga uko agwirana ndi ndani, poti ogwira anzawo nawonso apita ndi matope?"