Sikelo ya Ba Jameson

Ba Jameson anali munthu wa mawu aakulu. Akakupatsa moni ali pa mpopi, wa kumsika ankayankha. Ine ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pa sikelo ya ana muno mu komboni ya George ku Lusaka, iwo akupima ine ndikulemba m'makadi, ndipo masiku amene sitinakangane ndi ochepa kwambiri.

Anabadwira ku Matero. Bambo awo anachoka ku Ntcheu wapansi kukafuna ntchito kum'mwera, n'kudzakodwa ku Lusaka osabwereranso. Ba Jameson atakula analembedwa ntchito pa depoti ya kampani ya boma yogula chimanga, ndipo anapima matumba zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kumeneko thumba likakwera pa sikelo, wopima ankafuula kulemera kwake kuti kalaliki, mlimi ndi onyamula onse amve, pasakhale wobera mnzake. Thumba loperewera ankalilengeza kawiri. Ba Jameson ankanyadira kuti pa zaka zonsezo palibe mlimi anawatukwanapo.

Mu 1994 kampaniyo inatha, monga ankathera makampani ambiri masiku amenewo, ndipo iwo anabwera kunyumba ndi kalata ndi ovolosi. Anayesa kugulitsa salaula, zovala zakale za pa kaunjika, koma munthu wouza wogula kuti jekete akufunalo n'long'ambika m'khwapa sakhalitsa pa malonda. Pamene anamwino a ku kiliniki analengeza ku tchalitchi kuti akufuna anthu odzipereka opima ana m'makomboni, popanda malipiro, tinaimirira akazi khumi ndi awiri ndi mwamuna mmodzi, Ba Jameson. Tinawaseka ndithu. Iwo anangoti sikelo ndi sikelo.

Ndiwapatse zawo, ntchito ankaidziwa. Lachiwiri lililonse ankakoleka sikelo pa mtanda wa denga la tchalitchi chosatha kumanga, n'kuyamba aiyesa ndi njerwa yawo imene ankaisunga m'thumba. Mwana ankavekedwa kakabudula ka zingwe n'kupachikidwa, akulira ngati akuphedwa, ndipo Ba Jameson ankadikira muvi uime asanatchule kanthu. Vuto linali katchulidweko. Ankafuula ngati akali ku depoti, amayi makumi asanu ali chete pa mzere. Ndinawauza kangapo kuti achepetse. Ankandiyankha kuti nambala yonong'ona ndi nambala ya wakuba.

Tsiku lina la mu Okutobala kunabwera Dyness, mtsikana wofatsa wa tsidya la ngalande, ndi mwana wake woyamba, Chiku, wa miyezi khumi. Nditangomuona pomuvula ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Timiyendo tinali ngati tizitsotso ta tsache, khungu la kumatako litakwinyika, tsitsi litafiira. Ba Jameson anayang'ana muvi, anayang'ana kadi, n'kufuula kuti faifi poyinti foo, watsika. Anabwerezanso kachiwiri kuti watsika.

Mzere wonse unayamba kunong'onezana. Ambiri a ife kuno makolo athu ndi a ku Malawi kapena ku Chipata, ndipo tinakula tikumva kuti mwana akaonda chotero ndi tsempho, kutanthauza kuti bambo wake wayenda ndi mkazi wina mwana akali wakhanda. Choncho zimene amayi aja anamva sizinali nambala ayi. Anamva kuti Levy, mwamuna wa Dyness, kondakitala wa minibasi, ndi wachimasomaso, ndipo wagwidwa poyera. Dyness anabereka mwana wake osamuveka n'komwe, n'kuchoka. Kadi anaisiya pa tebulo langa.

Lachiwiri lotsatira sanabwere, linzakenso ayi. Amayi ena atatu a ana ofooka anasiyanso kubwera. Apo ndinapsa mtima, ndipo ndinawakalipira Ba Jameson, ngakhale anali aakulu kwa ine ndi zaka khumi. Ndinati ana si matumba, thumba lilibe mwamuna woti achite manyazi, ndipo mwana uja akafa afera pakamwa pawo. Mawu omalizawo ndinawamvera chisoni pambuyo pake, koma nthawi imeneyo ndinawanena ndi mtima wonse. Iwo anapukuta sikelo nthawi yaitali, anailowetsa m'thumba, n'kundipempha kadi ya Chiku.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi anandiitana kuti ndiwaperekeze. Tinapeza Levy atakhala pa khomo, ndipo atationa anaimirira n'kutseka njira ndi thupi lake.

“Ba Jameson, mwabwera kuchita chani futi? Komboni yonse banikamba ati ndine napaya mwana wanga, ati azafa chifukwa cha ine. Na ku siteshoni banzanga baniseka. Sivinakwane?”

Ndinkayembekeza kuti Ba Jameson ayamba kuphunzitsa za zakudya za magulu atatu, monga tinaphunzirira ku kiliniki. Sanatero. Anavula chipewa pamaso pa mnyamata amene akanakhala mwana wawo, n'kuvomera kuti analakwa, ndipo anati za tsempho iwo sanabwere kudzaweruza, poti nawonso anakulira m'nyumba yokhulupirira zomwezo. Ngati akuluakulu a banja akufuna kuchita mwambo wawo, achite. Iwo ankangopempha chinthu chimodzi, kupima mwanayo m'nyumba, chitseko chili chotseka. Aka kanali koyamba kuwamva akulankhula motsitsa, moti ndinachita kusendera kuti ndimve.

Levy anatilola monyinyirika. M'nyumbamo munali Dyness ndi mwana pa mphasa, pambali pali botolo la mankhwala a mizu ndi kapu ya phala lamadzimadzi la ufa woyera. Chiku anali akutsekula m'mimba kwa sabata yachitatu, ndipo kulira kwake kunali kongoyasamula. Ba Jameson anayang'ana kudenga kuti akoleke sikelo, koma malata anali ongotsamira pa timitengo towonda, otsinikizidwa ndi miyala pamwamba. Panalibe pokoleka. Ndiye anatembenukira kwa Levy n'kumuuza kuti agwire mbedza ya sikelo ndi dzanja lake, akweze m'mwamba.

Levy anali munthu wokweza matumba a makala ndi a mbatata pa minibasi tsiku lonse. Anakunga mkono kuyembekezera katundu. Dyness atapachika mwanayo, mkonowo sunatsike ngakhale pang'ono. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anayang'ana mwana, anayang'ana muvi umene unali pafupi ndi mphuno yake, n'kufunsa ngati sikeloyo inali yabwino. Ba Jameson sanatchule nambala. Anangoloza ndi chala pamene muvi unaima, kenaka pa kadi pamene unayenera kuima.

“Monga palibe chamene nanyamula,” anatero Levy. “Manje tichite bwanji?”

Mawa lake sanapite ku ntchito. Ananyamula yekha mwanayo mpaka ku kiliniki, ndipo a kumeneko anawatumiza ku chipatala chachikulu, kumene Chiku anagonekedwa masabata awiri. Atatuluka, ntchito yeniyeni inayamba. Ine ndinkapita kukaphika ndi Dyness phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi tinsomba ta kapenta tosinja, ndi kumuonetsa kuwiritsa madzi a pachitsime. Ba Jameson ankapita Lamulungu lililonse masana ndi sikelo m'thumba, ndipo woigwira anali Levy nthawi zonse. Sizinayende mowongoka ayi. Mu Januwale mwanayo anadwala malungo n'kutsikanso, ndipo Dyness analira kuti mwina anthu aja ankanena zoona. Levy ndi amene anamulimbitsa mtima.

Ku tchalitchi kuja nakonso zinthu zinasintha. Ba Jameson anatembenuza sikelo kuti iyang'ane kukhoma, ndipo mayi aliyense ankaima pambali pawo n'kuwerenga yekha muvi. Kwa munthu wa pakamwa ngati iwo chinali chilango, ndipo nthawi zina ndinkaona nambala itawafika pakhosi, iwo n'kuimeza. Amayi atatu aja anabwerera mmodzimmodzi. Kwa ena amene ankaopabe mzere, Ba Jameson ankapita kunyumba, ndipo ngakhale denga likhale ndi mtanda wolimba bwanji, ankanena kuti sakuukhulupirira, aitane bambo wa mwana adzagwire. Abambo ambiri a mu George anadziwa kulemera kwa ana awo mwa njira imeneyo. Anamwino atamva anaseka, kenaka anauza odzipereka a m'makomboni a Chawama ndi Kanyama kuti ayeseko.

Ba Jameson anasiya ntchitoyi maso atayamba kuvuta, ndipo anamwalira ali ndi njinga imodzi ndi malaya awiri olembedwa za katemera. Pa maliro awo panali amuna ambiri kuposa amene ndinawaonapo pa maliro a munthu wopanda udindo. Koma ine ndikawakumbuka, ndimakumbuka Lamulungu lina la mu Juni, m'nyumba muja mwa Levy.

Chiku anali atayamba kuyenda, ndipo kumuveka kakabudula kaja kunali nkhondo. Titamupachika anayamba kupalasa miyendo ndi kukuwa moti nkhuku za panja zinathawa. Muvi unkangovina. Ba Jameson, mwa khalidwe lawo, anapinda manja kudikira kuti uime. Levy anapirira, thukuta linayamba kutsika, chigongono chinayamba kugwedera, kenaka anagwiriziza ndi dzanja linalo.

“Ba Jameson, endesani,” anatero akuseka, misozi ili m'maso. “Kwanja kwalema. Mwana uyu walemera maningi.”

Dyness anakhala pansi n'kubisa nkhope m'chitenje. Ba Jameson sanafulumire ngakhale pang'ono. Anamusiya mnyamatayo anyamule mwana wake mpaka mkono unagonja.