Chaka Chimene Magazi a Amama Ankathamanga

Nsapato zinali za adada, zakuda, zovala Lamulungu lokha. Koma chilimwe chimenecho ku Hewe ankazivala ndi amama, chifukwa anali oyembekezera ndipo mapazi awo anatupa ngati maungu. Ankalowa nazo m'tchalitchi ali khwa khwa khwa, adada akutsatira pambuyo atavala patapata, nkhope ili gwa ngati palibe chachilendo.

Anamwino a pachipatala chaching'ono cha ku Katowo anati mayi akakhala ndi pakati, mitsempha yopita kuchiberekero imakula kuti magazi azifika okwanira kwa mwana. Ya amama inkakana kukula, ndiye magazi awo ankathamanga kwambiri. Asibweni, mlongo wawo wa amama, amene ankathirira nazale ya fodya, anamva nkhaniyi mwaulimi. “Ngalande yatsekeka basi,” ankatero. Anamwino ataletsa mchere, asibweni anadzipereka chomene kudya usipa wonse wa amama kuti awapulumutse.

Ine ndinagwira mawu amodzi okha: kuthamanga. Ndinkaika khutu pamimba pa amama kuti ndimve liwirolo, mpaka tsiku lina wam'katimo anandiponda patsaya. Kusukulu ndinauza aphunzitsi kuti magazi a amama akhoza kupitirira njinga. Ndinkanyada nazo. Lero ndikaganiza, ndimaona kuti m'nyumba monse ndinali ndekha amene ndinkagona tulo tabwino.

M'mawa wina amama anati mutu ukuwawa ndipo akuona tinyenyezi dzuwa likuwala. Galimoto imene inapezeka inali ya kampeni ya chipani china, ya chimkuzamawu padenga. Adada, amene ankadana ndi chipanicho poyera, anavula chipewa n'kuthokoza kuti “yewo” kangapo konse. Amama ananyamuka ulendo wa kuchipatala cha ku boma atagona pa mulu wa zitenje, nyimbo ikulonjeza chitukuko.

Anabwerako mvula itayamba, ataonda, atafukata kamwana kochepa ngati chinangwa chimodzi. Ndinakayang'anitsitsa, ndinayang'ananso mimba ya amama, kenako ndinafunsa ngati mbali inayo aisiya kuchipatala. Anthu onse anaseka, ngakhale amama, atagwira pamene anawasoka.

Adada nawonso anaseka, koma kuseka kwawo kunathera panjira. Anatuluka n'kukaima kuseri kwa chigafa cha fodya, atatifulatira, mapewa akugwedezeka. Ndinawasuzumira n'kubwerera kukauza asibweni kuti adada akusekabe.