Khoti la a Maurice

Stellah Mwenda anabwera ku Dubai kudzalera ana, koma anathera kusamala nkhalamba. Madamu ake, mzimayi wa ku Ireland, anakatenga bambo awo, a Maurice, mutu utayamba kuwasokonekera, n'kudzakhala nawo mufulati ya ku Al Qusais.

A Maurice anakalambira pakhoti la katauni ka kwawo. Sanali woweruza ayi. Ankatsegula zitseko, kukoleza moto nthawi yozizira, kupukuta mabenchi. Ku Dubai kuno, m'mawa ankavala jekete, kunja dzuwa likuswa mtengo, n'kuima pakhomo la fulati.

"Mwana wanga, anthu akudikira panja, mvula iwanyowetsa."

"Lero kulibe milandu, agogo. Khalani pansi mundiuze za khotilo."

Ankamuuzadi. Analimanga Angerezi, ndi miyala yotuwa. Pankhondo yofuna ufulu anyamata a m'tauni momwemo analitentha, agogo awo a Maurice ali m'gulumo, kenako ana a anthu omwewo anadzalikonzanso. Kunsi kunali kachipinda ka akaidi, komwe a Maurice ankapititsako tiyi. Boma litasamutsira milandu kutauni yaikulu, khotilo linatsekedwa, denga n'kuyamba kudontha. Akafika pamenepa ankangoyang'ana pawindo, kuonerera ndege zikutera.

Stellah makhoti sankawakonda. Ukwati wake unathera m'khoti kwawo ku Malawi, iye ali yekhayekha pabenchi, abale a mwamuna atadzaza mbali inayo. Tsiku lina akuwameta ndevu anawafotokozera zimenezi. A Maurice anamugwira dzanja.

"Kukanakhala kwathu, ndikanakhala nawe pabenchipo."

Stellah anathamangira kubafa, nakalira.

A Maurice anamwalira m'chipatala m'nyengo yotentha. Madamu ananyamula thupi kupita nalo kwawo, ndipo ntchito ya Stellah inathera pomwepo, khalas, monga amanenera Aluya akamati basi. Anasamukira ku Satwa, m'chipinda cha Tasila, mnzake wa ku Chipata wosoka zovala.

Kumeneko ndi komwe vidiyo ya maliro inamupeza pafoni. Galimoto ya maliro inaima pang'ono patsogolo pa kanyumba kamiyala, mawindo okhomedwa matabwa, udzu utamera padenga. Azibambo okalamba anavula zipewa.

"Ndiye khoti yamene unali kukamba iyi?" anafunsa Tasila. "Kang'ono so?"

"Ndi lomweli."

M'mawa mwake anakwera sitima ya Metro kupita ku Hor Al Anz, kukaonana ndi banja lina lomwe linkafuna wolera mapasa.