Chiphaso Chili Pamzere wa Feteleza

Ntchito yanga yoyamba ndinaimva kutchalitchi. Analengeza kuti pachipatala chaching'ono cha kwathu, mbali ya ku Chulu, pakufunika munthu wolemba zooneka bwino woti azithandiza nthawi ya Kovidi. Ndinalawirira, ananditenga.

A Kamanga, dokotala wathu, ankalowetsa kathonje m'mphuno mwa wodwala n'kukathyolera m'kabotolo. Ine ndinkalemba dzina pakabotolopo, kudzaza fomu, n'kuika zonse m'bokosi lozizira. Njinga yamoto yopita nazo kuboma inkabwera Lachiwiri ndi Lachisanu basi, 12 koloko ikakwana yanyamuka. Koma fomu imeneyo, abale inu! Inali ndi kampata ka nambala ya chiphaso cha unzika. Ukangosiya osalembapo, kabotolo kankabwerera kosayezedwa. Ndipo popanda zotsatira, wodwala sankamulandira kuchipinda cha okosijeni.

Lachisanu lina, mvula ikuwaza, anabwera ndi mayi wina pangolo, a Nangondo, akupuma mobanika. Amuna awo, a Mwale, anali ataima pambali, chipewa chili m'manja.

"Chiphaso cha mayiwa, bambo?"

"Chili kudepoti, mwanawe. Chili pamzere wa feteleza."

Chaka chimenecho anthu anali atatopa n'kuima padepoti, ndiye ankasiya ziphaso kwa kalaliki, iye n'kuzisanja mmene zafikira. Chiphaso n'chimene chinkakuimirira pamzere. Cha a Nangondo chinali chitathako milungu itatu, chitangotsala pang'ono kufika pamwamba.

"Tikachichotsa chibwerera pansi," anatero a Mwale. "Chimanga chayamba kale chikasu."

A Nangondo eni akewo anatukula dzanja n'kunong'ona kuti, "Musachotse."

A Kamanga anandikokera pakhonde. "Akaphonya lero ndiye mpaka Lachiwiri. Mmene akupumiramu, sindikuona kuti afika."

Ndinapsa mtima koopsa. Osati ndi a Mwale ayi, njala ndikuidziwa. Ndinapsa mtima ndi amene anakonza fomuyo, woti sanaimepo padepoti chibadwire. Ndinabwereka njinga yakapalasa ya mlonda, ulendo. Matope a kwathu mukawaona! Kawiri konse ndinatsika n'kumakokomola matope m'matayala ndi kamtengo.

Kalaliki wa padepoti anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Palibe chotuluka pano, achemwali. Mukufuna anthuwa andidye?"

"Sindikuchitenga. Ikanipo chala pamalo pake, ndingokopera nambala."

Anthu amene anali pakhondepo atamva kuti ndi a Nangondo, anayamba kumukuwiza. Iye anadzuma, n'kumasula mpira womangira mulu uja, kufufuza, kutsekerapo chala. Pepala langa linali litanyoweratu, ndiye nambalayo ndinailemba pamkono n'kuphimba ndi juzi.

Pobwerera ndinakumana ndi njinga yamoto ija pamlatho, itanyamuka kale. Ndinaima pakati pamsewu, manja m'mwamba. Woyendetsa anatukwana, koma anaima. A Kamanga anali ataikamo kabotolo ka a Nangondo ndi fomu yake, kampata kaja kali kopanda kanthu. Ndinalemba nambalayo fomu ili pathanki ya mafuta.

Zotsatira zinafika pafoni Lamulungu, ambulansi inawatenga a Nangondo tsiku lomwelo. Anagona milungu iwiri kuboma, anabwerako akuyenda okha.

Lamulo lija sindinalisinthe, ndinali ndani ine? Koma kuyambira tsiku limenelo sindinauzeponso wodwala kuti, "Mubwere ndi chiphaso." Ndimamukhazika pabenchi, n'kufunsa kumene chili, wopita n'kukhala ineyo.